Zomwe ndaphunzira posintha seal za camshaft pa Mark II ya amalume

Kugalaja komwe ndikuphunzira umakaniko kuno ku Kasungu timaona kwambiri ma Vitz, ma Sienta ndi ma Probox. Injini zake zimayendera tcheni, ndipo tchenicho chimakhala mkati, chikusamba oyilo. Mark II ya amalume ndi ina. Ili ndi injini ya 1JZ-GE ya malita 2.5, masilinda 6 ondondozana, yomwe Toyota inayamba kuikamo VVT-i, njira yosinthira nthawi yomwe mavalavu amatsegukira, mu 1996. Camshaft zake ziwiri, zitsulo zomwe zimatsegula mavalavu, zimazunguzidwa ndi lamba, ndipo lamba ndi oyilo sizigwirizana. Akanyowa amafewa, mano ake amatha kudumpha, ndipo pa injini zambiri zamtunduwu taimingi ikasokonekera pistoni imakagunda mavalavu. Choncho oyilo atayamba kutsetsereka kutsogolo kwa injini, fumbi la msewu wa ku Chamama litakakamira pamenepo, ndinapempha kuti ntchitoyi ndiigwire ndekha pakhomo.

Nthawi yambiri ndinathera powerenga buku la injiniyi pafoni ndisanagwire sipanala. Ndinkafuna kumvetsa chifukwa chake pule ziwiri za camshaft, timawilo tomwe lamba amazunguza, sizifanana. Ya mavalavu otulutsa utsi ndi chitsulo wamba cha mano. Ya mavalavu olowetsa mpweya ndi yonenepa, chifukwa mkati mwake muli magiya. Kompyuta ya galimoto imalamula kavalavu kotchedwa OCV kuti katumize oyilo wamphamvu kudzera m'tinjira ta kutsogolo kwa camshaft, ndipo oyiloyo amakankha magiya aja n'kupotoza camshaft pang'ono, mavalavu n'kumatseguka msanga kapena mochedwerapo malinga ndi mmene injini ikuthamangira. Nditazindikira zimenezi ndinaona kuti pamalo amodzi omwewo pali zinthu zitatu zomwe zingadonthetse: seal (kamphira kotsekereza oyilo kuseri kwa pule), pule ya VVT-i yeniyeniyo, ndi gasiketi ya chivindikiro chapamwamba. Ambiri amangothamangira seal. Ine ndinayamba ndatsuka bwinobwino, ndinaliza injini, kenaka ndinaunika ndi tochi kuti ndione komwe oyilo akuchokera. Ankachokeradi kuseri kwa pule.

Kumasula kwake n'kofuna mtima wodekha. Ndinachotsa waya wa batire, ndinazunguza crankshaft, chitsulo chomwe mapistoni amazunguza, mpaka pistoni yoyamba itafika pamwamba penipeni ndipo zizindikiro zonse zitaloza m'malo mwake, ndinajambula ndi foni ndisanachotse lamba. Pomasula bawuti ya pule, camshaft imagwiridwa ndi sipanala pamalo a makona 6 omwe ali pa thupi lake pansi pa chivindikiro. Kugwira pule kapena kutsekera mano ake ndi sikuludiraiva n'kuononga chinthu chodula. Pakati pa pule ya VVT-i pali chotsekera, ukachimasula oyilo amatuluka, ndiye nsanza ikhale pafupi. Bawuti yogwira pule ili mkati mwakemo. Palinso mabawuti 5 kumaso kwake omwe bukulo limaletseratu kumasula, chifukwa ndi omwe amasunga mpata wa magiya a mkati aja. Chenjezo limeneli ndikanakonda aliyense wophunzira ntchitoyi akanalimva, poti mabawutiwo ndi omwe dzanja limayamba kufikako.

Seal yakale inali itauma gwa. Poichotsa chachikulu n'chakuti usakande chitsulo chomwe mlomo wake umakhudza, chifukwa ukasiyapo kamzere kamodzi kokha, seal yatsopano idzadonthanso. Seal za camshaft ziwirizi sizofanana kukula, ndipo zinandithandiza kuti ndinatenga zakalezo popita kukagula ku Lilongwe. Yatsopano ndinaipaka girisi pang'ono pamlomo, ndinailowetsa ndi kachidutswa ka paipi ya pulasitiki, ndikugogoda mofanana mbali zonse.

Pa lamba ndi pomwe tinasiyana maganizo. Amalume anati, "Mphwanga, lambayu akuoneka wabwinobwino, ingopukuta ubwezeretse." Ndinati, "Amalume, wamwa oyilo ameneyu, ndipo sitikudziwa kuti anaikidwa liti ku Japan. Malire ake ndi makilomita 100,000. Akadzaduka pa M1 mukupita ku Chinkhoma, mudzagula mavalavu." Ndalama ya fodya inali isanabwere, ndipo ndikumvetsa kuti zinawapweteka, koma anavomera. Tochi renchi, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, ndinabwereka kwa abwana anga kugalaja, popeza bawuti ya pule simangidwa mongoyerekeza. Nditaika lamba watsopano ndinazunguza crankshaft ndi manja kawiri, chifukwa ikazungulira kawiri camshaft imazungulira kamodzi, ndipo zizindikiro zinabwerera m'malo mwake popanda chogunda.

Abwanawo atabwera kudzaona anandifunsa ngati ndayang'ana PCV. Kavalavu kameneka kamatulutsa mpweya womwe umadutsa m'mbali mwa mapistoni n'kulowa kumene kuli oyilo. Kakatsekeka, mpweyawo umakankha seal ngati nthunzi yokankha chivindikiro cha poto wa nyemba, ndipo ngakhale zatsopano zimayamba kudontha. Ka amalume kanali kodzaza utsi wouma, ndipo tinakasintha. Iwo anandiuzanso kuti oyilo wokhalitsa amatseka kasefa kakang'ono ka panjira yopita ku OCV, galimoto n'kumanjenjemera ikaima. Loweruka likubwerali ndikamasula kasefako pa injini ina yomwe ili kugalaja kuti ndione mmene kamakhalira.