Lachitatu: singano m'thumba lakuda

Ndafika kuntchito lero thukuta lili kamukamu, 8 koloko isanakwane n'komwe. Okutobala wa muno mu Lusaka sanyengerera munthu. Ife a zaukhondo pachipatala nyengo imeneyi timagwira ntchito mothamanga, chifukwa zinyalala za m'mawodi sizichedwa kuvunda. Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati kumadera otentha ngati kuno, zinyalala zokhala ndi tizilombo toyambitsa matenda zisagone mosungiramo kupitirira maola 24 m'chilimwe, kapena maola 48 m'nyengo yozizira. Choncho ndinangoponya chikwama mu ofesi n'kulunjika kuseri kuti ndikaone ngati za dzulo zinatenthedwa.

Sindinafikeko. Pakhonde la wodi ya abambo ndinakumana ndi amayi amene amakolopa m'menemo, gulovu imodzi atavula, dzanja linalo litagwira chala. Ndi amayi achikulire a ku Katete, ndipo ntchitoyi anayiyamba ine ndikadali pasukulu.

"Amayi, kwagwanji?"

"Mwana wanga, nyeleti yandilasa. Ndimati ndimange thumba lakuda lija, ndiye pokanikiza kuti zilowe bwino ndangomva chandibaya."

Anali atayamba kale kufinya chalacho kuti magazi atuluke, ndipo ndinawaletsa. Ambiri amakhulupirira kuti kufinya kumatulutsa tizilombo, ena amafika pothirapo Jik, koma zonsezi zimangowonjezera bala. Choyenera n'kutsuka pamalopo ndi sopo pamadzi oyenderera, basi. Tinatero pampopi wa m'wodi momwemo, kenako ndinawaperekeza kwa dokotala. Anawatenga magazi, ndipo pamene 10 koloko imakwana anali atameza kale piritsi loyamba la PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene munthu ayenera kuyamba maola 72 asanathe n'kumamwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 28. Amagwira bwino ukawayamba msanga, moti si nkhani yoti ndipita mawa ndikapeza mpata.

Iwo mantha awo onse anali pa HIV. Ine mtima wanga unali pa matenda a chiwindi a hepatitis B. Malinga ndi WHO, munthu akabayidwa ndi singano yochokera pa wodwala amene ali ndi kachilombo, amene amatenga HIV ndi pafupifupi 3 mwa anthu 1,000, a hepatitis C ndi pafupifupi 2 mwa 100, koma a hepatitis B amafika 30 mwa 100. Kachilombo kameneka n'kouma mutu, kamatha masiku 7 kali moyo kunja kwa thupi, m'magazi ouma. Mwayi wake amayiwa anabayitsa katemera wake katatu konse, khadi lawo likuonetsa. Koma ndikudziwa okolopa ena amene sanaubayitsepo, ndipo zimenezi zimandiwawa. Katemerayu akabwera timayamba kuitana madokotala ndi anamwino, pomwe munthu amene amanyamula matumba tsiku lonse ali pangozi yomweyo, mwinanso yoposa.

Nditawasiya akupumula ndinabwerera kukatsegula thumba lija. Ndinayala pulasitiki pansi, n'kuvala magulovu okhuthala, n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi ndi chopanira. Munali makoko a nthochi, mabotolo a maheu, nsima yotsala yokulungidwa m'kajumbo, mapepala okutira magulovu, nyuzipepala yonyowa. Pansi pa zonsezi panali singano ya kanula, kapaipi kaja kolowetsa mumtsempha poika diripi, kansonga kake katada ndi magazi, kapulasitala kadakali komata m'mbali mwake. Kanthu kosaposa chala changa kutalika.

Inachokera pa mkono wa ndani? Palibe amene akudziwa, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imapwetekera. Namwino akadzibaya, wodwalayo amakhala ali pomwepo pabedi, amatha kupemphedwa kuti ayezedwe, zinthu n'kudziwika tsiku lomwelo. Wokolopa alibe mwayi umenewo. Amangomwa mankhwala mwezi wathunthu, n'kumabwera kudzayezedwanso, akudikira yankho la matenda a munthu amene sanamuonepo nkhope.

Ndinalowa m'wodi kukaona bokosi la singano. Ndi kakatoni kachikasu ka malita 5, kokhala ndi kabowo pamwamba ndi mzere wosonyeza pamene liyenera kutsekedwa, likadzaza magawo atatu mwa anayi. La m'wodimu linali litadutsa mzerewo kalekale, majekeseni atatulukira pakabowo. Ndinaitana a Sisita oyang'anira wodiyo kuti aone okha.

"Ndaona, bambo," anatero akupukusa mutu. "Usiku mtsikana anali yekha wodi yonseyi, mabedi onse odzaza. Bokosi ladzaza pakati pa usiku, ndipo kusitolo amatseka madzulo."

Ndikumumvetsa namwino ameneyo. Ndinagwirapo usiku, ndikudziwa mmene miyendo imalemerera cha m'ma 3 koloko. Komabe singano siyenera kupezeka m'thumba lofewa, zivute zitani. Akanayisiya m'kambale kachitsulo pa thirole mpaka m'mawa, chala cha amayi aja chikanakhala chabwinobwino. Tinagwirizana ndi a Sisita kuti madzulo aliwonse azisiyira a usiku mabokosi apadera, ndiponso kuti bokosi lizikhala pa thirole yeniyeniyo, pofikira dzanja, osati kuchipinda cha anamwino kumene munthu amayenda mtunda singano ili m'manja. Ndinawakumbutsanso za chizolowezi chobwezera kachivundikiro pasingano ukamaliza kubaya. Anthu ambiri amadzilasa pamenepo.

Itakwana 11 ndinali ndi ana a sukulu ya unamwino amene abwera kudzaphunzira ntchito. Sindinawalowetse m'kalasi. Tinayenda wodi ndi wodi tikuvundukula mabini, chifukwa phunziro lonse lili m'menemo. Mitundu yake amayidziwa pamtima: lakuda ndi la zinyalala wamba, lachikasu ndi la chilichonse chokhudzana ndi magazi, mafinya kapena madzi a m'thupi, labulawuni ndi la mankhwala otha ntchito ndi makemikolo, ndipo zonse zobaya kapena zocheka zimalowa m'bokosi. Koma titatsegula bini yachikasu ya m'wodi ya amayi anangoyang'anizana. Thonje lamagazi ndi mabandeji zinalimo zochepa chabe. Zambiri zinali mafupa a nkhuku, nyemba zotsala, zitini za zakumwa ndi makatoni a mankhwala opanda kanthu.

WHO imati mwa zinyalala zonse za m'chipatala, pafupifupi 85 pa 100 n'zofanana ndi za kunyumba, ndipo zoopsa ndi 15 pa 100 zokha. Koma paja nsomba ikawola imodzi zawola zonse. Kathonje kamodzi kamagazi kakagwera m'thumba lakuda, thumba lonselo lasanduka loopsa. Nsima ikagwera m'lachikasu, palibe amene angapisemo dzanja kuti aichotse, imapita kung'anjo basi. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti kusankha kumachitikira pabedi pomwepo, ndi dzanja lomwe lagwiritsa ntchito chinthucho. Chikangochoka pamenepo, mpata wokonza watha.

Mayi wina amene akudwazika m'bale wake anali chapafupi akutsuka mbale. Ndinamupatsa moni n'kumufunsa mwaulemu kumene amataya zotsala.

"M'menemo, bambo," anatero akuloza yachikasu ija. "Ndi yomwe ili pafupi, ndiponso ili ndi chivundikiro, ntchentche sizilowa. Palibe anatiuza kuti ili ndi ntchito yake."

Mayiyu sanalakwe. Bini yakuda inali kuseri kwa chitseko, yopanda chivundikiro, ndipo chikwangwani cha pakhoma chinalembedwa m'Chingerezi chokhachokha, zilembo zake zing'onozing'ono. Odwazika matenda ndi amene amagona m'wodi usiku ndi usana, ndi amene amataya zambiri, koma sitikhala nawo pansi. Ndinapempha ana asukulu aja kuti ajambule zithunzi, nthochi ndi botolo pabini yakuda, bandeji pa yachikasu, ndi mawu ochepa m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Mtsikana wina wadzipereka kuti azilankhula ndi odwazika m'mawa uliwonse mpaka nthawi yake pano ithe.

Kuseri ndinakafikako masana, dzuwa lili paliwombo. Atate amene amayatsa ng'anjo anali atavala epuloni yachikopa ndi magulovu ofika m'zigongono, nkhope ili nyezinyezi ndi thukuta. Za dzulo anali atatentha, koma sanali okondwa.

"Tabwerani muone, bwana," anatero akufukula phulusa ndi fosholo.

Phulusa lopsa bwino limakhala lotuwa, lopepuka. Ili linali lakuda, lamibulumibulu, pena pakuoneka nsanza ya bandeji yosanyeka. Anandifotokozera kuti zakudya zonyowa zimaziziritsa moto, ndiye amathira dizilo wambiri kuti ufike pamene uyenera kufika, ndipo dizilo wa mwezi amatha mwezi usanathe. Anandionetsanso kachitini ka mankhwala opopera kamene kanaphulika m'ng'anjomo sabata yatha, chitseko atangochitseka kumene. Akanachedwa pang'ono kakanawaphulikira kumaso.

Nkhani ya kutentha kwa moto si yaing'ono. Ng'anjo zabwino zimayaka pakati pa madigiri 850 ndi 1,100. Moto ukachepera, mapulasitiki a PVC monga timapaipi ta diripi ndi matumba a magazi amatulutsa utsi wokhala ndi poizoni wotchedwa dioxin ndi furan, amene amakhalitsa m'nthaka ndi m'thupi la munthu, ndipo amayambitsa khansa. Kuseri kwa mpanda wathu ndi komboni. Nditaimirira pamenepo ndimaona zovala za ana zitayanikidwa pachingwe, ndi amayi akugulitsa tomato ndi chibwabwa pamsewu. Utsi wakuda ukatuluka umagwera pa iwowo. A ZEMA, bungwe loona za chilengedwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi amene amapereka ziphaso za kasamalidwe ka zinyalala zoopsa, koma sangaime pa bini iliyonse. Utsi umenewu umayambira m'wodi, pamene wina waponya mbale ya nyemba m'thumba lachikasu.

Pali zina zimene siziyenera kuyandikira moto n'komwe. Chopimira kutentha kwa thupi chakale chija chokhala ndi mercury, timadzi tonyezimira ngati siliva tija, chikasweka, timatolera mosamala n'kusunga m'botolo lotseka, chifukwa mercury ikapsa imasanduka mpweya woononga ubongo ndi impso. Mayiko anagwirizana mu 2013, m'pangano la Minamata, kuti zipangizo zotere zichoke pang'onopang'ono, ndipo kwathu kuno zambiri tsopano n'za mabatire. Mabatirewonso sitiwatentha.

Ndili pomwepo, lole yonyamula matumba akuda inafika. Amenewa amapita ku Chunga, kumene zinyalala za mzinda uno zimatayidwa. Amene anafikako akudziwa kuti kumeneko kumakhala anthu tsiku lonse, amayi ndi anyamata, akutola mabotolo, zitsulo ndi mapulasitiki oti akagulitse, ambiri ndi manja okha, ena atavala patapata. Singano ya m'mawa ija ikanadutsa osalasa munthu pano, ikanakathera kumeneko. Ikanalasa wina amene sadziwa za maola 72, amene akanangoyamwa chala n'kupitiriza kutola. Ndinawauza anyamata a lole kuti adikire, ndipo tinayang'ana thumba lililonse kunja kwake lisanakwezedwe. Sanasangalale chifukwa tinawachedwetsa, koma ndinapirira madandaulo awo.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti zonsezi timazitha tikafuna. Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2024, mpaka bwalo la Heroes Stadium kusanduka chipatala, aliyense ankadziwa kasungunulidwe ka klorini popanda kuyang'ana papepala: 2 peresenti yothira pa chimbudzi ndi masanzi, 0.2 yokolopera pansi ndi kupukutira mabedi, 0.05 yosambira m'manja. Matumba ankamangidwa nthawi yake, palibe ankasakaniza. Mliri utatha, manja anayambanso kulefuka. Lero ndafunsa ana asukulu aja kasungunulidwe ka Jik wa 3.5 peresenti kuti apeze 0.5 yothira pamene pagwera magazi, ndipo amene anayankha kuti kapu imodzi ya Jik m'makapu 6 a madzi ndi mmodzi yekha. Mvula ikuyamba mwezi wamawa, ndipo tonse tikudziwa zimene madzi amachita m'makomboni a Kanyama ndi Chawama pa nkhani ya kolera.

Ndikuweruka, pageti anandiimitsa agogo ena amene amabwera kudzatenga insulin ya matenda a shuga. Mlonda ndi amene anawalozera kwa ine.

"Mdzukulu wanga, nyeleti zimene ndimadzilasa kunyumba ndizitaya kuti? Ndakhala ndikuponya m'chimbudzi, koma amene anabwera kudzachotsa zam'dzenje anandidandaulira."

Ndinawauza kuti apeze botolo lapulasitiki lolimba lokhala ndi chotsekera chozungulira, monga la mankhwala ochapira, aziponyamo singano akangomaliza, alisunge pamwamba pamene adzukulu safikira. Lisanadzaze alitseke zolimba n'kubwera nalo tsiku lodzatenga mankhwala, ife tidzalitentha pamodzi ndi mabokosi athu. Anati kumpingo kwawo kuli anzawo ena a matenda omwewo ndipo akawauza Lamulungu. Ndinawauza kuti onsewo azibweretsa, ndipo ndabwerera kukadziwitsa a ku famase kuti asawabweze.

Lipoti la ngozi ya lero ndalemba, pempho la mabokosi ndi chivundikiro cha bini yakuda ndasiya kusitolo, ndalembanso mayina a okolopa amene sanabayitse katemera wa chiwindi kuti ndikawapereke kwa akuluakulu. Mawa ndilawirira kuti ndikapeze anamwino a usiku asanaweruke.