Kufunafuna mwana amene analeredwa ndi banja lina: mulipire wofufuza kapena ayi?

Kholo likandifunsa ngati lilembe munthu ntchito yofufuza mwana amene linamupereka mwalamulo kuti aleredwe ndi ena, ndimayamba ndafunsa zaka zake. Wakwanitsa 18? Ngati ayi, dikirani. Makaundula ambiri olumikizitsa oleredwa ndi achibale awo salandira pempho lokhudza mwana wamng'ono, ndipo wofufuza wovomera ntchito yotere ndi wofunika kumukayikira.

Akakhala wamkulu, ndimati titenge kaye pepala, ndalama zikhale m'thumba. Lembani tsiku limene anabadwa, chipatala, dzina limene munamupatsa, bungwe limene linayendetsa nkhaniyo ndi khoti limene linagamula. Pa zonsezi chodalirika ndi tsiku lobadwa, chifukwa khoti likagamula, mwana amapatsidwa chiphaso chatsopano chokhala ndi mayina a makolo omulera, ndipo kawirikawiri naye amasinthidwa dzina. Anthu amatha miyezi akusaka pa Facebook dzina limene mwini wake sanalimvepo n'komwe.

Kenako lemberani bungwe lija. Pemphani kuti aike mu failo kalata yanu yonena kuti muli okonzeka kukumana naye, ndipo akuuzeni zimene lamulo limalola kholo kudziwa. Ngati bungwelo linatsekedwa, funsani kumene mafailo ake anasamutsidwira. Mukasamuka kapena kusintha dzina, adziwitseni, poti zambiri zimalakwika pomwepa: mwana afika, kalata aipeza, koma adiresi ndi yakalekale.

Lembetsaninso m'kaundula wolumikizitsa anthu. Ku England ndi Wales kuli Adoption Contact Register, wokhala ndi mbali ziwiri, ya oleredwa ndi ya achibale awo a magazi. Ku America kuli International Soundex Reunion Registry, amene anayamba mu 1975. Kaundula amakulumikizani pokhapokha nonse mutalembetsa, choncho akakhala chete sizitanthauza kuti mwana wakukanani.

Za DNA ndimazifotokoza mosamala, chifukwa makolo amaziyembekezera mopyola muyeso. Mumatumiza malovu ku kampani ngati AncestryDNA, zotsatira zikatuluka n'kuzikwezanso pa mawebusayiti ofananitsa DNA monga GEDmatch ndi FamilyTreeDNA kuti ambiri akuoneni. Kholo ndi mwana amafanana pafupifupi ma centimorgan 3,400 (muyeso wa DNA imene anthu awiri amafanana), ndipo mdzukulu pafupifupi theka lake, kotero akaonekera simungamuphonye. Koma njirayi imakondera mwana. Iye angathe kulondola abale akutali mpaka kukupezani ngakhale inu musanayezetse, pamene inu simungamupeze ngati iyeyo kapena mwana wake sanayezetse. Kuyezetsa kwanu n'kudziika poonekera basi, ndiye lembani dzina lanu lenileni ndipo muziona mauthenga pafupipafupi.

Zonsezi zikachitika m'pamene ndimakamba za kulipira. Ine ndimati ndalama ipite kwa mkhalapakati wovomerezeka. Ku England ndi Wales, kuyambira pa 30 December 2005, achibale a magazi angathe kupempha bungwe lovomerezeka kuti liwafikire munthu amene anaperekedwa lisanafike tsikulo. M'zigawo zina za America khoti limasankha mkhalapakati woti aone failo yotsekedwa. Iyeyu amatha kudziwa dzina latsopano, koma sakupatsani mwini wake asanavomere. Mwana akakhala kuti anapita dziko lina, bungwe la International Social Service limathandiza pa nkhani zodutsa malire.

Wofufuza wamba alibe kiyi wa failo yotsekedwa. Amathandiza pamene dzina latsopano mukulidziwa kale koma simudziwa kumene munthuyo akukhala. Popanda dzina, mudzamulipira kuti achite zimene mwachita kale, zimenenso anthu odzipereka otchedwa search angels amachita kwaulere. Mukaganizabe zomulemba, onani laisensi yake ngati lamulo la komweko limafuna, ndipo mgwirizano ulembedwe: malire a ndalama, kulipira pang'onopang'ono ntchito ikamaoneka, chimene chidzachitike akalephera, ndiponso kuti asalankhule ndi mwanayo popanda chilolezo chanu. Wolonjeza kuti zivute zitani amupeza, kapena woti ali ndi mnzake kukhoti, musiyeni. Musaikenso zonse pa intaneti. Sungani mfundo imodzi yoyesera aliyense wodzati ndi mwana wanu, ndipo musatumize ndalama DNA isanatsimikize.

Akapezeka, musamuimbire foni kapena kufika pakhomo pake. Kalata yoyamba ikhale yaifupi, mu envelopu wamba, yosaulula nkhani kwa wina amene angaitsegule, popeza mwina banja lake silidziwa, mwinanso iye mwini sanauzidwe. Tchulani dzina lanu, tsiku ndi malo, n'kumupatsa njira yoyankhira. Yankho limatha kutenga miyezi. Akakana, musatume wofufuza wina kapena kudzera kwa ana ake. Pemphani mkhalapakati kuti asiye mu failo adiresi yanu ndi mbiri ya matenda a m'banja mwanu, monga shuga, khansa ndi matenda a mtima, chifukwa zimenezi dokotala wake adzazifuna ngakhale iye asakufuna kukumana nanu.