Lunkhwakwa watha, abale

Dzulo ndadutsa pa mlatho wa mtsinje wa Lunkhwakwa kuno ku Chipata, mtima unandiwawa. Mapulasitiki okhaokha, madzi akuda bii, kamtsinje kongotsala ngati ngalande.

Agogo ankatiuza kuti tauni ino ikadali kutchedwa Fort Jameson, iwo ankachapa ndi kuwedza momwemu. Ifenso tinasambamo tili ana, ngakhale amayi ankatikwapula tikabwera maso ali psuu.

Madzi ake amachokera m'mapiri otizungulirawa, kenako amatsikira kuchigwa mpaka kukathira mu Luangwa. Mitengo ya m'mapirimo tinaotcha makala, ndiye mvula ikagwa madzi amangothamanga ndi dothi, pofika Okutobala mtsinje uli gwaa. Ena akulima madimba mpaka m'mphepete penipeni.

Inu a ku Kapata, mukukumbuka pomwe tinkasambira paja?