Mmene tinayendetsera nkhani ya mlatho wathu kwa a MP ndi ku khonsolo

Anzanga a m'makomiti a VDC, makomiti a chitukuko a m'midzi, akhala akundifunsa kuti kodi inu nkhani ya mlatho wanu munaiyendetsa bwanji mpaka inakamveka ku Nyumba ya Malamulo, ndiye ndaona bwino ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ine ndine mlembi wa VDC kwathu kuno ku Kasungu, ndipo vuto lathu linali kamtsinje kamodzi koti chilimwe umangodumpha koma mvula ya Januwale ikatsika ngakhale ngolo sidutsa, ana asukulu amajomba, amayi oyembekezera amakhala pagombe kudikira madzi aphwe, ndiye ikafika nthawi yoti mabelo a fodya apite ku msika wa fodya wa Chinkhoma ma lole amakana kulowa poti magombe anagumuka, basi ndalama ya thiransipoti nkukwera.

Musanayambe kuimbira a MP mafoni muyenera kudziwa kaye kuti sabata yawo imayenda bwanji. Nyumba ikamakumana munthuyu amakhala ku Lilongwe kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Lolemba amayamba masana, Lachisanu amaweruka masana, masiku apakatiwonso amakhala ali m'nyumbamo, kumakhala mafunso kwa nduna, mabilu, malipoti a makomiti, ndipo Lachinayi ndi tsiku lomwe aphungu wamba amabweretsa nkhani zawozawo osati za boma. Mukamaimba foni pakati pa sabata nkumadandaula kuti sakuyankha, mwina munthuyo ali m'nyumba a Sipikala ali pampando. Ngakhale nyumba itatseka sikuti ali pa holide, pamakhalanso misonkhano ya makomiti, ena ali mu komiti ya zaulimi, ena ya bajeti, ena ya PAC ija yofufuza mmene ndalama za boma zayendera. Kumudzi kuno amapezeka Loweruka ndi Lamulungu, ndipo masiku awiri amenewo ndi odzadza kale ndi maliro, zinkhoswe, ma fanduleizing'i a kutchalitchi, ma bonanza a mpira, kuphatikizapo mzere wa anthu pageti opempha fizi ndi thumba la feteleza. Inu mukangopita pamenepo ndi pakamwa pokha nkhani yanu ya mlatho imalowa gulu limodzi ndi ya bokosi la maliro, amangoti ndamva ndiona, basi yathera pompo.

Ife tinayambira pansi. A gulupu anaitanitsa msonkhano wa midzi yonse, tinakhala pansi pa mtengo wa pasukulu nkusankha kuti pa mavuto onse, mjigo, nyumba ya aphunzitsi, mlatho, loyamba ndi liti. Apa pamakhala mkangano ndithu, a tsidya lino amafuna mjigo chifukwa iwo mtsinjewo sawoloka. Tinavota pokweza manja mlatho nkupambana, ine nkulemba ma minitsi, mayina a onse amene anabwera, a gulupu nkudinda chidindo chawo. Pepala limenelo musalipeputse abale, kulikonse komwe tinapita funso loyamba linali loti ma minitsi a VDC ali kuti. Tinaphotokopa makope angapo pa tauni, lenilenilo ndinalisunga mu pulasitiki kunyumba.

Kuchoka apo nkhani inapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la a T/A. Kumeneko mumakumana ndi ma VDC ena onse ndipo aliyense wabwera ndi kulira kwake, ndiye muyenera kupita ndi zinthu zooneka. Ife tinatenga zithunzi za pafoni zojambula tsiku lomwe madzi anasefukira, kalata ya a hedimasitala yonena kuti ana a tsidya lija amajomba nthawi ya dzinja, ndi ina yochokera kwa alangizi a zaumoyo. A khansala athu anali pomwepo, ndipo ndikuuzeni, khansala ndi munthu amene timamuderera koma ndi amene amakhala ku khonsolo, ndi amene amadziwa kuti komiti ya ntchito za zomangamanga ikumana liti. ADC itavomereza, mlatho wathu unalowa pa mndandanda wopita ku khonsolo ya boma. Kumbukirani kuti Kasungu ili ndi makhonsolo awiri, ya boma lonse ndi ya tauni ya Municipal, inu a kumidzi yanu ndi ya boma kwa a DC.

Titamaliza zonsezi mpamene tinafunafuna a MP. Sitinapite pageti. Tinadzera kwa munthu wawo amene amayendetsa zinthu kuderako iwo akakhala ku Lilongwe, phungu aliyense amakhala naye wotere, nkupempha mphindi zochepa Loweruka m'mawa asanayambe ulendo wa kumaliro. Tinapita atatu, a tcheya a VDC, mayi mmodzi wa komiti ya sukulu ndi ine. A tcheya anayamba ndi ulemu wake, olemekezeka tabwera ana anu, koma sanatalikitse, anangopereka envulopu muli ma minitsi a VDC, a ADC ndi zithunzi zija, ine nkuwonjezera pepala limodzi lokha lolemba dzina la mtsinje, midzi yomwe imawoloka, sukulu ndi chipatala chomwe chili tsidya. Ndinalilemba m'Chingerezi dala chifukwa m'nyumbamo amayankhula Chingerezi, kuti akafuna kuimirira asavutike kumasulira.

Tsiku limenelo mpamene anatimasulira bwino kuti njira zilipo ziwiri ndipo sizifanana. Ina ndi yofunsa nduna m'nyumba. Phungu amalemba funso nkulipereka ku ofesi ya Kalaliki wa nyumbayo, limapita ku unduna kuti akonze yankho, kenako limadikira tsiku lake pa pepala la zokambirana, ndipo mzere wake ndi wautali poti aphungu ndi ambiri, nthawi imeneyo anali 193, pano chisankho cha 2025 chitachitika alipo 229, aliyense ali ndi mlatho wake ndi mjigo wake. Njira ina ndi ya ndalama za ku khonsolo, makamaka thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, lomwe linayamba mu 2006 ndipo mu bajeti ya 2024/25 linali K200 miliyoni pa dera la phungu mmodzi. Imamveka yambiri koma mukaigawa ku midadada ya sukulu, ma bursary ndi milatho ya dera lonse imatha ngati mchere m'ndiwo. Anatiuzanso kuti misewu ikuluikulu ngati M1 ili m'manja mwa Roads Authority, koma kamsewu kathu ka fumbi ndi ka khonsolo, ndiye ngakhale nduna itayankha mokoma bwanji ntchito yeniyeni idzerabe kwa a DC.

Tinagwirizana kuti tiyende njira zonse ziwiri. Ya m'nyumbayo inachitika mwanjira yoti sitimayembekezera, phungu wina wa boma lina anafunsa za milatho yogumuka kwawo, athuwa nkuimika dzanja kupempha funso lowonjezera nkutchula mtsinje wathu. Aphungu ochenjera amachita choncho, sadikira funso lawo lifike. Ife tinamvera pa wailesi pa golosale, anthu anakuwa atamva dzina la mtsinje wathu likutchulidwa ku Lilongwe, ngakhale yankho la nduna linali lija lomwe mumalidziwa kale loti unduna wamva ndipo uona ndalama zikapezeka. Ena amati zimenezo nzopanda ntchito, ine ndimatsutsa pang'ono, chifukwa zonse zoyankhulidwa m'nyumbamo zimalembedwa mu Hansard, buku la zokambirana za nyumbayo, ndipo pambuyo pake tikamakamba ndi akuluakulu tinkatha kunena kuti nkhaniyi inafika kale kunyumba ya malamulo, amakumverani mosiyana. Koma simenti siinachokere kumeneko.

Simenti inachokera ku khonsolo. Injiniya anabwera pa njinga yamoto kudzayeza, anati mlatho waukulu wa zitsulo sungakwanire mu ndalama imeneyo, chotheka ndi makalavati akuluakulu ndi kumanga magombe ndi miyala. Anthu ena anakwiya, amafuna mlatho ngati wa pa Bua, koma ife a komiti tinavomera. Kenako tinasankha komiti yoyang'anira ntchitoyo, midzi nkugawana masiku otuta mchenga ndi miyala, ndipo pamenepa mlembi amavutika zedi, kulemba matumba a simenti amene afika, amene agwiritsidwa ntchito, kusainira limodzi ndi kontilakitala, poti thumba limodzi likasowa dzina loyamba kutchulidwa pamudzi ndi lanu.

Nkhani ya nthawi ndi imene ambiri imawagwetsa. Chaka cha boma cha ndalama pano chimayamba pa 1 Epulo, bajeti amakambirana mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo nthawi imeneyo aphungu amakhala otanganidwa m'magulu ounika bajeti ya unduna uliwonse. Ngati mukufuna chinthu chanu chilowe, VDC ndi ADC zikhale zitamaliza mvula isanayambe, osati kudzuka mu Febuluwale madzi atasefukira kale.

China chasintha kuchokera pomwe ife tinayenda njirayi. Mu 2025 khothi linagamula kuti aphungu asamalowerere pa kayendetsedwe ka ndalama za CDF komanso asamavote pa misonkhano ya khonsolo, pa mlandu womwe anakasuma a bungwe la makhonsolo la MALGA. Ndiye inu amene mukuyamba pano, envulopu yanu yoyamba ipite kwa a khansala ndi ku ADC, ya a MP ikhale yachiwiri yoti akakankhe ku Lilongwe pa nkhani za bajeti ndi mafunso kwa nduna. Ife pano tayambanso ndi nyumba ya aphunzitsi, ma minitsi a VDC adindidwa kale, tikudikira tsiku la ADC mwezi wamawa, ndipo a tsidya lino ayambanso kukumbutsa za mjigo wawo.