Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Maginito a molekyulu imodzi

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinayamba ntchito mu labotale ya maginito. Owerenga ena a ku Chitakale afunsa kuti tinkayeza chiyani kwenikweni, ndiye lero za ine zidikire kaye.

Dysprosium ndi mmodzi mwa miyala ya rare earth yomwe akhala akufufuza ku Songwe Hill ku Phalombe. Mukaika atomu yake imodzi pakati pa molekyulu, molekyuluyo imatha kukhala maginito payokha, ndipo kuti maginito ake atembenuke kuloza kwina ayenera kudutsa chotchinga cha mphamvu chotchedwa Ueff. Mtambo wa ma elekitironi a Dy3+ (atomu ya dysprosium yomwe yataya ma elekitironi atatu) ndi wophwatalala, choncho chotchingacho chimakula mukaipana atomuyo pamwamba ndi pansi, m'mbali mwake musakhale kanthu. Naoto Ishikawa anatsegula njirayi ndi terbium, rare earth inanso, mu 2003. Mu 2017 ofufuza a ku Manchester anapanga dysprosocenium, molekyulu ya dysprosium yopanidwa chonchi, yomwe inasunga maginito ake mpaka pa 60 K (K ndi kelvin, muyeso wa kutentha), kenako mu 2018 gulu la Richard Layfield linafika pa 80 K, kudutsa 77 K ya nayitrojeni wamadzi, Ueff yake 1541 cm⁻¹ (muyeso wa mphamvu).

Koma musakomedwe ndi Ueff yaikulu. Wochoka pa Boma la Mulanje kupita ku Phalombe sakwera Sapitwa, amazungulira phiri. Maginito nawonso kukwera chotchinga, komwe ndi njira ya Orbach, amachita kukatentha basi. Kukazizira amazembera mwa Raman, mothandizidwa ndi kunjenjemera kwa molekyulu, kapena amangoboola chotchingacho mwa quantum tunnelling.

Poyeza, perani ma crystal a molekyuluyo pafupifupi 20 mg, muike mu chubu, muthiremo eicosane (mankhwala onga phula) wosungunula. Amasungunuka cha pa 37 °C, ndipo akauma amagwira ufawo. Mukapanda kuthira eicosane, tizidutswa timatembenuka totsatira maginito a makina, zotsatira zonse n'kukhala zabodza. Dysprosocenium imaonongeka ndi mpweya komanso chinyezi, ndiye chubucho chitsekedwe chopanda mpweya.

Mu SQUID, makina oyezera maginito, yambani pa 2 K kumakwera, mukusinthasintha maginito ochepa kuyambira kamodzi mpaka ka 1000 pa sekondi (Hz). Pomwe χ″, muyeso wa momwe maginito a ufawo akutsalira m'mbuyo mwa maginito a makina, yafika pachimake mpomwe mumapeza nthawi yotembenukira: τ = 1/(2πf), f kukhala ma Hz a pachimakepo. Jambulani ln τ molingana ndi 1/T, T kukhala kutentha. Mbali yowongoka, kotentha, ndi Orbach, ndipo kutsetsereka kwake ndiye Ueff. Pokhota ndi Raman. Pomwe mzere wagona, kutentha osasinthanso kanthu, ndi tunnelling. Ambiri amagwa apa: amakoka mzere wowongoka pamalo pokhota, n'kulengeza Ueff yomwe kulibe. Werengerani njira zonse pamodzi.

Tunnelling ikachuluka, kawirikawiri vuto ndi ma dysprosium oyandikana omwe amasokonezana. Sakanizani ndi yttrium, yemwe alibe maginito, dysprosium ikhale ngati 5 pa 100 iliyonse. Ena amaika maginito osasintha a 1000 Oe (oersted, muyeso wa mphamvu ya maginito). Zimathandiza ndithu, koma mukapyoza muyeso mumatsegula njira ina yotchedwa direct, ndipo τ imayambanso kutsika.

Za kugwira ntchito m'bokosi lotseka lodzaza mpweya wa argon tikambirana m'gawo lotsatira.