Chapati chopinda cha ku Mexico pa chiwaya chathu

Tsiku loyamba kuyatsa mbaula, m'chaka cha 2022, tidagulitsa zinayi zokha. Zotsalazo tidadya ndi ana mpaka kukwana nazo. Anthu ankafika, kusuzumira pa chiwaya, n'kufunsa kuti, "Mayi, chapati chopindachi ndiye chiyani?" Ndikati ndi quesadilla ankangoseka n'kulowera kwa mnyamata wa tchipisi.

Chakudyachi ndidachiphunzira ku Cape Town, komwe ndidagwira ntchito zaka zisanu m'khitchini ya lesitilanti ina yophika za ku Mexico. Ndidayamba ndi kutsuka mbale, maso ali pa manja a ophika. Dzinali limachokera ku mawu a Chisipanishi akuti queso, ndiye kuti tchizi. Kwawoko amatenga tortilla, kamkate kopyapyala kozungulira, n'kuikamo tchizi ndi ndiwo zina, kupinda pakati, kenako kuwotcha pa chiwaya chafulati chomwe amachitcha comal.

Nditabwerera ku Lilongwe ndidati ndipange tortilla ndi ufa wathu womwewu, poti chimanga kwawo n'ku Mexico komweko. Ndidayesa mgaiwa, ndidayesa ufa woyera, zonse zinkangonyenyeka m'manja. Eni ake amayamba awiritsa chimanga m'madzi othira laimu n'kuchisiya chigone momwemo usiku wonse asanachipere. Laimuyo ndi amene amachititsa kuti chigwirane, komanso amamasula vitamini ya niacin kuti thupi lithe kuigwiritsa ntchito, nchifukwa chake matenda a pellagra, obwera chifukwa chosowa vitaminiyi, sankawavuta ngakhale ankadya chimanga tsiku ndi tsiku. Ine ntchito yonseyo sindikadaitha ndekha, ndiye ndidatembenukira ku fulawa wa tirigu, monga amachitira a kumpoto kwa Mexico.

Poyamba nyemba ndinkangowazamo pang'ono, mwamanyazi. Mmalawi amene adadutsa sukulu yogonera komweko safuna kumva za nyemba, amakumbukira zija zoyandama anankafumbwe. Choncho ndinkadzazamo nkhuku ndi tchizi, phindu lili lochepa koma tikuyendabe.

Ndiye idafika November 2023, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti. Tchizi chomwe tinkagula chimachokera ku South Africa, ndipo mtengo wake udangouluka. Bambo a kunyumba, omwe amasunga kabuku ka ndalama, adawerengera usiku wina n'kunena kuti, "Amayi a ana, apa tikugwirira ntchito mwini sitolo. Titseke basi."

Sitidatseke. Ndidakumbukira momwe tinkaphikira nyemba ku Cape Town kuja: kuziviika usiku, kuziwiritsa mpaka zifewe, kuzikazinga ndi anyezi, adyo ndi paprika, kenako kuzisinja ndi chipande mpaka zikhale ngati chipere cholimba. Ukapaka zimenezo pa tortilla, nyembazo zimamata nkhuku, ntchito yomwe kale inkagwiridwa ndi tchizi chambiri. Tidachepetsa tchizi ndi theka. Timangowaza pang'ono pamwamba kuti munthu akamaluma chizikokeka, poti anthu amagula ndi maso. Nyemba timakatenga ku Lizulu, ndipo ine ndimakonda Kholophethe chifukwa sizichedwa kupsa. Zofiira zikuluzikulu zija zimafuna kubwata kwambiri mphindi zosachepera 10, apo ayi zimatsegula m'mimba.

Chodabwitsa n'chakuti quesadilla wa umphawiyu ndi amene ali wabwino m'thupi kuposa woyamba uja. Magalamu 100 a chidali cha nkhuku chophika amakhala ndi magalamu pafupifupi 31 a zomanga thupi. Nyemba zophika zolemera chimodzimodzi zimapereka pafupifupi 9, kuphatikizapo ayironi wothandiza magazi ndi faiba yemwe amachititsa kuti munthu asamve njala msanga. Tirigu ndi nyemba zimathandizananso, chifukwa lysine, kachigawo kena ka zomanga thupi, yemwe amaperewera mu tirigu amapezeka wambiri mu nyemba. Tchizi cha cheddar chili ndi kashiamu wolimbitsa mafupa, inde, koma magalamu 100 okha amafika makalori 400, mafuta ndi mchere zili thoo. Amene ali ndi BP ndimawauza poyera kuti chimodzi chakwana, ngakhale bambo amandiyang'ana ndi diso loti ndikuthamangitsa ndalama.

Pambali timaika kachumbari wa tomato, anyezi, ndimu ndi kambuzi, ndipo nyengo ya mapeyala timasinja limodzi n'kuikapo. Namwino wina amene amadya kwathu pafupipafupi ndiye adandiwerengera pa zala magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amatiphunzitsa ku sikelo: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Tidakanganako pang'ono ngati peyala lili ku zipatso kapena ku zamafuta, mpaka iye adati ndimu ija itiweruze.

Vuto lomwe latsala ndi moto. Makala akachuluka, kunja kumapserera tchizi chisadasungunuke, ndiye mtsikana amene ndikumuphunzitsa amakhalira kumva mawu amodzimodzi: phula makala, usathamange, mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse.

Pa chikwangwani tidalemba quesadilla ndi zilembo zikuluzikulu, koma palibe amaitchula. Akabaza akabwera kudzatenga za m'maofesi amangokuwa ali panjinga kuti, "Mayi, zopinda zisanu, nyemba zichuluke!"