Zikomo amalume, digiri ija yabwera kwathu

Ndafika ku Zomba usiku wathawu. Thupi likadali lolema ndi ulendo, koma tulo takana ndisanathokoze. Digiri ija, ya kafukufuku wa zombo zotera ku Mars, yatheka, abale. Mulungu alemekezeke.

Zomwe zinachitika bambo atatisiya ine ndili ku Australia mukuzidziwa, ndi zoti ndalama za sukulu zinatha ntchito ili pakati. Sindibwerezanso. Amayi, akwaya amene munkasinthana kukagona kwathu, anzanga a m'labu, Ambuye akudalitseni.

Koma amalume anga a ku Chinamwali, okhoma zidebe ndi mbaula aja, ndiyambire pati? Ndili Fomu 3 ndinawauza kuti chombo chotera ku Mars sichikhala chosongoka ngati muvi, kumaso kwake n'kobuntha ngati kunsi kwa chiwaya. Anaseka, kenako anatola chitini ndi nyundo n'kundikhomera kachombo kanga koyamba. Mpaka lero kali pakabati ya amayi.

Mfundoyi anaitulukira ndi H. Julian Allen wa ku America cha m'ma 1950. Chombo chikamalowa mwaliwiro mumpweya wa ku Mars, mpweyawo umatentha koopsa, ndipo mphuno yobuntha imaukankhira patsogolo, moto wambiri n'kumapita ndi mphepo m'malo molowa m'chombo. Chombo cha Viking chinatera nayo ku Mars mu 1976, cha Perseverance mu 2021, chitalowa paliwiro la makilomita pafupifupi 20,000 pa ola. Ntchito yanga inali kuyesa tizombo totere, tating'ono ngati sosa, mu shock tunnel. Ndi chimpope chachitali. Mpweya wopanikizidwa umaphulitsa kachitsulo kotsekera, n'kuwomba kachomboko paliwiro loposa kasanu la phokoso. Tinkathiramo carbon dioxide, poti mpweya wa ku Mars, magawo pafupifupi 95 pa 100 ndi umenewo. Umakonzekera tsiku lathunthu, koma kuyesa kwenikweniko kumatha usanaphethire n'komwe.

Ndiye tsiku lina kachidutswa ka chitsulo chija kanauluka n'kuphwanya kachombo kanga, pamodzi ndi timawaya toyezera kutentha tomwe ndinalumikiza kwa mwezi wathunthu. Ndinaimba foni ndikulira, kuno kusanache. Amalume anangoti, "Mphwanga, chidebe chikadontha sititaya, timamata. Pukuta misozi ukamate."

Sabata yomweyo anagulitsa njinga yawo, ija ankanyamulira malata kupita kumsika. Ndalamayo kumene kuja inangokwana chakudya cha masiku ochepa. Sindinawauze. Amayi ndi amene anandiululira pambuyo pake kuti miyezi yonseyo amalume ankayenda wapansi, malata ali pamutu. Amalume, ine ndilibe mawu. Shock wave, funde la mpweya wopanikizika limene limabwera patsogolo pa chombo, simuidziwa, koma Lamulungu lililonse munkafunsa ngati chiwaya chija chapirira moto.

Inu amene munkafunsa amayi ngati nsima idzachokera kumwezi, ndaona kuti ena mwayamba kale kulemba kuti "wathuwathu ameneyu". Foni zanu zinkangolira osayankhidwa nthawi ija. Palibe mlandu, bwerani, thobwa lilipo.

Mapemphero othokoza achitika Loweruka masana kunyumba ku Matawale. Amalume, musavutike n'kuyenda, ndidzakutengani ndekha m'mawa. Kachombo kophwanyika kaja ndabwera nako, kali m'chikwama, ndikufuna mukaone pomwe ndinamata.